Mbali Yachitatu ya Mpeni

Madzi saiwala khwawa. Mwambi umenewu ndinkaumva kwa agogo anga aakazi, ndipo sankaunena poyamikira munthu. Ankaunena akupukusa mutu: wosiya mowa akapezekanso pakachasu, kapena mkamwini wothawa khasu akatulukiranso chimanga chitacha. Kwa ine unali mwambi wa anthu osamva, obwerera kumene anapunthwa. Tsiku limene unayamba kundionetsa nkhope ina ndinali kutali ndi makwawa onse akwathu. Ndinali nditakhala pachitsa m'mphepete mwa kamsewu ka kumidzi ya ku Warwickshire, ku England, kapu ya tiyi ili m'manja, makutu akungolira okha.

Ntchito yathu ndi yodula ndi kusadza mitengo. Eni dziko amaipatsa dzina laulemu, amati ndife madokotala a mitengo, koma dokotala weniweni ndi amene ali m'mwamba pachingwe. Ine ndine wapansi. Ndimakoka nthambi, ndimamasula zingwe, ndimaimitsa agogo oyenda ndi agalu awo kuti chipika chisawagwere, kenako ndimadyetsa makina. Tilipo atatu: mnyamata wokwera, wa zaka makumi awiri ndi zingapo, wopepuka ngati pusi, mkulu wa gulu, amene imvi zinamutha kale, ndi ine mlendo. Ntchito siisowa, pakuti mitengo ya ash ikufa. Matenda a fangasi amene anatsimikizika koyamba ku Britain mu 2012 amaiumitsa kuyambira kunsonga, nthambi zake n'kumangothyoka ngati mapesi a chaka chatha. Mtengo wotere ukakhala pafupi ndi msewu, mwini malo sagona tulo mpaka titabwera.

Makina odyetsedwawo anzanga amawatchula kuti chipper. Ine mumtima ndimati chigayo, chifukwa ndi chigayo ndithu, kungoti mphale yake ndi nthambi. Kukamwa kwake kuli zitsulo ziwiri zamano zimene zimagwira nthambi n'kuikokera mkati. Mkatimo muli gudumu lachitsulo lolemera, lozungulira mothamanga, ndipo pagudumupo anamangapo mipeni. Mpeni ukadutsa pafupi ndi chitsulo chosasuntha chimene nthambi yatsamira, umabenthula kachidutswa, ndipo mphepo ya gudumu lomwelo imaponya tizibenthuto kudzera mumpope mpaka m'lole. Chathu chimameza nthambi yonenepa mainchesi sikisi. Injini ikayamba kulemedwa, zitsulo zamano zija zimaima zokha kamphindi, gudumu likabwezeretsa liwiro zimayambanso kukoka. Poyamba ndinkaganiza kuti chawonongeka. Anandiuza kuti ayi, chikupuma. Ndinachita nacho nsanje.

Tsikulo tinaima msanga chifukwa cha ine. Nditatha kukoka nthambi zikuluzikulu, ndinasesa zotsalira ndi chipaliro, masamba ndi timitengo, n'kuzinyamula zonse kukaponya kukamwa kwa chigayo. Sindinafunse. Safunsa anadya phula. M'zinyalalamo munali miyala ya m'mphepete mwa msewu, ndipo phokoso limene linatuluka silinali la mtengo: linali ngweee, lowawa m'mano. Mkulu uja anakweza dzanja, anazimitsa injini, anazula kiyi n'kuika m'thumba. Tinaima osayankhula mpaka gudumu litasiya kuzungulira, chifukwa limapitirizabe kwa kanthawi injini itazima, ndipo limadula chala mofanana kaya kuli phokoso kaya kulibe. Sanandikalipire. Anangoti ndibweretse bokosi la masipanala ndi fulasiki, popeza ndine ndaitanitsa tchuthi.

Apa m'pamene ndinaonera mipeniyo pafupi kwa nthawi yoyamba. Ndinkayembekeza zikwanje. Ndinapeza timbale tachitsulo tozungulira, tokwana m'chikhatho, tonoledwa m'mphepete monse, kalikonse komangidwa ndi bawuti pakati. Kapangidwe kameneka n'ka kampani ya GreenMech ya ku Alcester, m'boma lomwelo la Warwickshire. Nzeru yake ndi yosavuta: pa nthawi imodzi, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mkombero wa mpeni ndi limene limakumana ndi mtengo. Gawolo likabuntha kapena kubenthuka, sugula wina. Umamasula bawuti, umapukuta utomoni ndi utuchi pamene mpeni umakhala, umauzunguza pang'ono kuti mbali yatsopano iyang'ane ntchito, n'kumanganso. Umatero kawiri. Mbali yachitatu ikatha, mpeni umapita kukanoledwa.

Mkuluyo anayendetsa chala chachikulu pamalo obenthukawo, mosamala ngati mayi wofufuza minga kuphazi la mwana. Anatenga cholembera chapenti n'kuika kadontho pambali yakuthayo kuti asadzaiwale. Pomanga anagwiritsa ntchito sipanala ina yaitali imene imalira kuti kha bawuti ikalimba pa mlingo wake. Anati bawuti yomangidwa mongoganizira ndi imene imamasuka gudumu lili paliwiro, ndipo mpeni wothawa sufunsa kuti ndani wayima pafupi.

Mnyamata uja anali atatsika mumtengo, zingwe zikadali lendelende m'chiuno, ndipo mkangano wawo wa masiku onse unayamba. Iye anaphunzirira ntchito pa chigayo cha Timberwolf, cha ku Suffolk, cha mipeni yowongoka yakuthwa konsekonse, imene umangoitembenuza kamodzi. Amati mipeni yowongoka imatulutsa tizibenthu tooneka bwino, tofanana, timene alimi a maluwa amatifuna. Mkulu amati tizibenthu tokongola sitilipira ngongole, ndipo munthu wolemba ntchito anthu oponya miyala m'makina afunika mpeni wa mbali zitatu. Onse anandiyang'ana. Anthu awa amanyozana ngati asuweni, ndipo ndinaphunzira kuti tsiku limene ayamba kukunyoza ndi limene wakhala wawo. Anadutsa pa makina a Först ndi Jensen, pa zigayo zina zokhala pambale yozungulira zimene umatha kutembenuza kukamwa kwake kuloza kumene kuli nthambi popanda kusuntha ngolo, pa chifukwa chimene opanga ambiri amalimbanirana kuti chigayo chisapitirire makilogalamu 750 kuti chikokedwe mosavuta. Zonsezi ndinazimva kale kangapo. Mkangano umenewu sutha, ndipo palibe amene amafuna kuti uthe.

Chimene chinasintha nkhani ndi mpeni wina wakale umene unali m'bokosi, wonoledwa kambirimbiri mpaka kuchepa. Mnyamata anautola, nautembenuza, nati ukufanana ndi chivindikiro cha kachitini ka machaka a mfuti ya mpweya.

Mkulu anaika kapu pansi. Anati n'zodabwitsa kuti watchula zimenezo, chifukwa sabata yathayo anakwera kudenga la nyumba ya malemu mayi ake kukachotsa katundu nyumba isanagulitsidwe. Kuseri kwa masutikesi ndi zokongoletsera za Khirisimasi anapeza bulangete lakale lomangidwa ndi chingwe. Mkati munali mfuti yake ya ubwana, BSA Meteor, pamodzi ndi kachitini ka machaka amene anali atayera mbuu chifukwa mtovu unadyana ndi mphepo. Bambo ake anamugulira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ankaganiza kuti mayi anaitaya kalekale, popeza ankadana nayo. Koma anaikulunga bwinobwino n'kuisunga zaka zoposa makumi atatu osanena kanthu.

Ndaona amuna awa akukamba za ndalama, za mpira, za akazi amene anawasiya, nkhope zili gwa. Koma atangotchula mfutiyo, mawu a mkulu anapepuka. Anatiuza kuti inapangidwa ku Birmingham, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera pamene tinakhalapo, ndi kampani ya Birmingham Small Arms imene inayamba mu 1861, yomwe inkapanganso njinga zakapalasa ndi zamoto, ya chizindikiro cha mfuti zitatu zotsamirana. Meteor inatuluka mu 1959, ndipo anyamata ambiri a m'dzikomo anaphunzirira pa iyo. Amene bambo ake anali ndi ndalama ankakhala ndi Airsporter. Wina ankakhala ndi Webley, ya ku Birmingham komweko. Ndipo m'mudzi uliwonse munali mwana mmodzi wodedwa ndi onse chifukwa anali ndi Weihrauch ya ku Germany, yolemera, yosaphonya. Mnyamata, amene ndinkayesa wa m'badwo wa foni wokhawokha, anati ya agogo ake ikadali m'shedi, ndipo ankawombera nayo makoswe kukhola la nkhuku. Posakhalitsa anayamba kukangana ngati machaka aang'ono a .177 amaposa a .22. Mkangano wa mipeni unali utangovala malaya ena.

Loweruka ndinapita kuyadi kumene timasungira lole ndi milu ya tizibenthu, chifukwa mkulu anandiitana kukayesa mfuti ija. Ku England ndi ku Wales munthu wamkulu safunika laisensi kuti akhale ndi mfuti yotere ngati mphamvu yake siipitirira ma foot-pound 12, koma ku Scotland kuyambira kumapeto kwa 2016 pamafunika chiphaso. Lamulo lina ndi lakuti chaka lisatuluke m'malire a malo amene waloledwa kuwomberapo. Choncho mkulu anaimika zitini za nyemba patsogolo pa mulu waukulu wa tizibenthu, kuti chophonya chilichonse chikagone m'menemo.

Mfuti yamtunduwu ilibe wonga. Umaithyola pakati ngati ukuthyola nzimbe pabondo, ndipo pothyolapo ukukankha sipuling'i yaikulu imene ili mkati mpaka itakodwa. Umalowetsa chaka limodzi, umatseka. Ukakhethemula, sipuling'i imamasuka n'kukankha chitsulo chimene chimapanikiza mpweya, mpweyawo n'kutulutsa chaka. Zonse zimadalira kachikopa kapena kamphira kotseka mpweya kuti usathawire kumbali. Kuwombera koyamba kunangoti fu, ngati munthu wokalamba akuyetsemula, ndipo chaka linagwa lisanafike pazitini. Zaka makumi atatu za kutentha ndi kuzizira kwa kudenga zinali zitaumitsa timphira tonse. Mkulu anali atayembekezera zimenezo. Anatulutsa kathumba ka zipangizo zatsopano zimene anaitanitsa pa intaneti, ndipo anatha ola lathunthu pabenchi, akumasula mosamala chifukwa sipuling'i yopanikizika imatha kuthyola chibwano. Anachenjeza mnyamata kuti asathire mafuta wamba m'chipinda cha mpweya, chifukwa amayaka ndi kupanikizikako monga zimachitikira mu injini ya dizilo, mfuti n'kumalira ngati yeniyeni koma ikudziwononga. Anati isawombedwenso yopanda chaka, kapena kusiyidwa yokoka usiku wonse. Zonsezi ankazinena osaganizira, manja akuyenda okha. Bambo ake anamuuza ali mwana, ndipo zinangokhala penapake kudikira.

Pamenepo mwambi wa agogo unandibwerera, ndipo ndinaona kuti ndinkaumva theka. Khwawa limakhala louma miyezi isanu ndi iwiri. Ana amaseweramo, mbuzi zimadutsamo, wina amafika podzalamo nthochi poyesa kuti madzi anasamuka. Koma mvula yoyamba ikagwa kuphiri, madzi safunsa njira. Si kusamva ayi. Ndi kukumbukira kumene sikukhala m'mutu. Mkulu atanyamula mfutiyo, tsaya linapeza malo ake pamtengo wogwirira, phazi lakumanzere linapita patsogolo, mpweya unatuluka theka n'kuima. Palibe chimene anachita kuganizira.

Ndipo anaphonya. Anaphonyanso. Kachitatu chaka linakalowa m'mulu chikhatho chathunthu pamwamba pa chitini.

Ichi ndi chimene agogo sananene, kapena ankachidziwa koma anasiyira ife: madzi amabwerera, koma amabwera atayenda, atanyamula mchenga ndi zinyalala za kumene adutsa. Manja a mkuluyu agwira sowo ya injini kuyambira 1987. Analowa ntchitoyi chaka chimenecho, pamene chimphepo cha usiku wa pa 15 mpaka 16 Okutobala chinagwetsa mitengo pafupifupi 15 miliyoni, makamaka kummwera chakummawa kwa England, ndipo mnyamata aliyense wodziwa kugwira sowo anapeza ganyu. Sowo imafuna kuigwira zolimba, chala chachikulu chitazungulira chogwirira, chifukwa ikabwerera imabwerera kumaso. Chingwe chimafuna kugwira zolimba. Nthambi yolowa m'chigayo imakumenya ngati suisamala. Zaka zonsezi thupi lake laphunzira chinthu chimodzi: gwiritsitsa, ukapanda kutero ufa. Tsono mfuti ya sipuling'i imafuna zosiyana. Imagwedezeka chaka lisanatuluke mumpope, ndipo ukaifinya umaisokoneza. Imafuna kuigoneka pachikhatho chotambasula, kuilola kudumpha mmene ikufunira, mofanana nthawi zonse. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri ankachita zimenezi mosavuta popeza analibe mphamvu zofinyira. Bambo wa zaka makumi asanu ndi mphambu anayenera kuchonderera manja ake kuti amasuke.

Panalinso zina. Zala zake ziwiri zimayera ndi kuchita dzanzi kukazizira, matenda a anthu amene agwira makina onjenjemera nthawi yaitali. Maso sathanso kuona nsonga ya mfuti ndi chitini pa nthawi imodzi, moti anavala magalasi owerengera, n'kuwavula, n'kuwavalanso. Ndipo chitini chitagwa pomaliza, kachisanu ndi chiwiri, iye sanamve kulira kwake. Anationa ife tikufuula. Lamulo la kuno limati phokoso likafika madesibelo 85 wantchito avale zotseka makutu, ndipo chigayo ndi sowo zimapitirira 100, koma m'zaka zake zoyamba anyamata ankaona zotsekazo ngati za anthu amantha. Makutu sali ngati mpeni wa ku Alcester. Alibe mbali ina yoti uzunguze.

Ndikuganiza kuti chimene amuna awa amafuna m'mfuti zakalezi si kupha. Inde, mnyamata amanena za agologolo otuwa, amene anabwera kuchokera ku North America m'ma 1870 ndipo amasenda makungwa a mitengo ya beech ndi sycamore mpaka nsonga kuuma, ndipo lamulo limalola kuwawombera. Koma tsikulo palibe amene anayang'ana m'mitengo. Taganizani munthu amene sabata yonse amakhala m'phokoso, akuthamangitsana ndi makina osakhuta, mtengo wa zaka zana n'kusanduka mulu wa tizibenthu dzuwa lisanapendeke. Chigayo chimameza zambiri nthawi imodzi, ndipo chimafuna zina. Mfuti ija imalandira chaka limodzi, lochepa ngati njere ya mapira. Uyenera kuithyola, kulowetsa, kutseka, kupuma, kudikira. Pakati pa kuwombera kumodzi ndi kwina pamakhala chete woti mpaka umamva mbalame. Mwina ndi chetecho chimene anachipeza m'bulangete la mayi ake.

Titakhala pansi kumwa tiyi, mkulu anatenga mpeni wakale uja, umene tsopano amaikirapo kapu, nati iyenso ali pambali yachitatu. Yoyamba inali yokwera, ndipo inatha pamene phewa linakana. Yachiwiri inali yapansi, yokoka ndi kunyamula, ndipo mawondo akuimaliza. Yachitatu ndi yoyenda ndi kabuku, kuyang'ana mitengo ya anthu n'kutchula mtengo wa ntchito. Mnyamata anafunsa kuti nanga ikatha imeneyo. Mkulu anati mpeni umapita kwa wonola, koma kunola kulikonse kumadya chitsulo, ndipo pali mlingo umene ukafika wonola amakubwezera n'kuti uyu ayi. Anaseka. Mnyamata sanaseke kwambiri. Anayang'ana manja ake.

Kenako anandipatsa mfutiyo. Kwathu amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma mlendo uyu anali atabunthitsa kale mipeni ya eni mudzi, ndipo pamfuti sanachite bwino kuposa pamenepo. Sindinakule nayo. Mfuti imene ndinaiona ndili mwana inali ya gogodera ya mkulu wina wosaka nguluwe, ndipo ana sitinkaiyandikira. Ndinaphonya kasanu, iwo akundilangiza uku ndi uku, wina kuti tsitsa, wina kuti usapume. Ndinaibweza mwaulemu. Koma pamene ndinkatsinzina diso limodzi, dzanja langa lamanja linachita chinthu chimene sindinalitume: linafuna kukokera kumbuyo, kufika patsaya, zala ziwiri zitatsina kanthu kosaoneka. Linkafuna legeni.

Ndinawafotokozera. Mphanda ya gwafa, yosendedwa ndi kuumitsidwa pamoto pang'ono. Mphira wa chubu chofiira, wodulidwa ndi lezala mowongoka, chifukwa ukangolakwitsa pang'ono umadukira pomwepo n'kukumenya m'diso. Kachikopa ka lilime la nsapato yakutha. Miyala yosankhidwa kumtsinje, kapena timipira tadothi toumba n'kuyanika padzuwa, todzaza m'thumba la kabudula mpaka kabudula kumatsika. Njiwa pamtengo wa msangu, mpheta m'mapira, ndi mkwapulo wa amayi tsiku limene mwala unapeza nkhuku ya eni ake. Mkulu anamvetsera mutu uli pambali, khutu labwino ataloza kwa ine. Anati nawonso anali nazo, mphanda zawo zinali za hazel.

Lolemba tinabwerera kumsewu uja kukamaliza mitengo itatu yotsala. Chigayo chinkadya bwino, tizibenthu tikutuluka toyera ndi tosalala, ndipo zosesa zonse ndinazithira m'thumba lapadera popanda wondiuza. Chakumasana tinadula chitsamba cha hazel chimene chinkatchinga njira ya lole. Nthambi imodzi inali kale kukamwa kwa makina, zitsulo zamano zitaigwira, pamene ndinaona kumapeto kwake mphanda yoima bwino, miyendo yofanana, yonenepa ngati chala chachikulu. Ndinakankha chitsulo choimitsira, ndinaidula ndi kasowo kam'manja, n'kuiika m'thumba. Mnyamata anaona ali m'mwamba, sananene kanthu.

Mphandayo ndinaisenda, ndipo yauma bwino. Ili m'lole, pambali pa kachitini ka machaka ka mkulu. Matayala a galimoto za kuno alibe chubu, ndipo chubu chakuda cha njinga ndachiyesa, sichikoka. Mphira wofiira ndikuufunabe.